Mbale Yopanda Dzina la Woyimba

Chimene sindinachimvetse pa Zefaniya Mlongoti, mpaka lero, n'chakuti kaya iye mwini ankakhulupiriradi kuti mawu a m'mbale ya galamafoni ija anali a bambo ake. Ndinakhala naye pafupi zaka zingapo ku Ras Al Khor, dera la magalaja ndi makampani ku Dubai, ndinadya naye, ndinakangana naye, koma ndikamufunsa funso limeneli ankangondiyang'ana ngati ndasuzumira kuchipinda kwa eni.

Sindikulemba kuti ndimutame. Ife a sukulu za mishoni anatilera kuti munthu sumutama akadali ndi mpweya, ndipo Zefaniya sanali wotamika kwenikweni. Anali waliuma, wosachedwa kupsa mtima, ndipo akabwereka ketulo sankabweza mpaka utapita kukaitenga wekha. Ndikulemba chifukwa anthu akhala akundifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo ndatopa kuyankha mwachidule.

Kwawo kunali ku Ntcheu, cha ku Tsangano. Anafika ku Dubai ali kale ndi imvi, atatha zaka zambiri akukweza ndi kutsitsa matumba m'malole ku Limbe, mkazi wake atamwalira, ana atabalalika. Kuno anapeza ntchito pakampani yosamutsa anthu: kulongedza, kunyamula ndi kusunga katundu wa alendo amene akusintha nyumba kapena akubwerera kwawo. Ankagona m'kachipinda ka kampani kuseri kwa nyumba yosungiramo katunduyo, pamodzi ndi amuna awiri a ku Nepal. Ine ndinali mlonda pageti la mpanda womwewo. Wachitatu wa ife anali Kenny, Mzambiya wobadwira ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, amene ankaika magalasi a galimoto pagalaja ya tsidya lina la msewu. Kenny ndiye anali ndi pakamwa. Ine ankanditcha "ba Busa" chifukwa sindimwa, Zefaniya ankamutcha "mudala".

Nkhani ya mbale inayambira kutali. Bambo ake a Zefaniya, a Amos Mlongoti, anapita ku Halale ali mnyamata, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Pobwera kumudzi anabwera ndi jekete, chipewa, galamafoni ya mabatire ndi mbale imodzi yaing'ono ya nyimbo za rokenirolo. Pambalepo panalibe chithunzi cha munthu kapena dzina la woyimba. Panali mayina a nyimbo basi, ndi kachithunzi ka ambulera wachikasu. A Amos anauza mudzi wonse kuti nyimbo yachiwiri pambalepo anayimba ndi iwo, kuti mzungu wina anawamva akuyimba m'khitchini ya hotela n'kuwatengera kunyumba yojambulira mawu. Akanatsutsa ndani? Mbale ikamalira iwo ankayimba motsatira, bondo likunjenjemera, ndipo mtsikana wina, Nasibeko, anakana mnyamata amene akwawo ankamufuna n'kukwatiwa ndi woyimbayo. Zefaniya atayamba kuyenda, mlongo wake Theresa ali m'mimba, a Amos anabwerera ku Halale. Sanabwerenso, ndipo kalata sinabwere. Anasiya galamafoni ndi mbale ija. A Nasibeko ankailiza pa Khrisimasi ndi tsiku lililonse limene mabatire apezeka, mpaka chaka china mvula inagwetsa khoma la nyumba, mbale n'kusweka, Zefaniya ali mnyamata wa sukulu.

Ndiye tsiku lina kuno ku Ras Al Khor, banja la azungu okalamba amene anakhalapo ku Zimbabwe linasiya makatoni angapo kuti atayidwe. Kapitawo anauza Zefaniya kuti awaponye m'bini. Katoni imodzi inang'ambika pansi, mbale zakale zinamwazika, ndipo pakati pa izo panali ambulera wachikasu uja. Anandiuza kuti anangokhala pansi pa simenti, anzake akumukuwira m'Chiarabu kuti yalla, yalla, afulumire. Galamafoni anaipezanso m'zotayidwa patapita miyezi, Kenny n'kuikonza waya.

Tsiku limene anatiyitana kuti tikamve, anapukuta mbaleyo ndi malaya ake a kutchalitchi, n'kutsitsa singano mosamala ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Kunamveka phokoso ngati la mvula padenga la malata, kenako gitala wowonda, kenako mawu a mwamuna, othamanga, otuluka ngati m'mphuno. Nyimboyo inathera mwadzidzidzi, ngati woyimbayo wamva mapazi a bwana.

"Mudala, iyi nyimbo niiziba," anatero Kenny. "Ni ya muzungu wa ku Amereka, bonse baiziba. Iyi yanu ni ya pa salaula chabe, kaunjika monga mukamba kwanu."

Anatulutsa foni n'kuliza nyimbo yomweyo, ya mwini wake wotchuka uja. Inali yomweyo ndithu, koma yonenepa, ya malipenga, ng'oma zikumveka bwino. Zefaniya anamvetsera mpaka kumapeto, mutu utapendekeka.

"Watsanzira bwino ameneyo," anatero. "Koma akuchedwa."

Kenny anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anatifotokozera zimene anawerenga pafoni pomwepo: kuti masiku amenewo nyimbo ikatchuka, mbale yake yeniyeni inali yodula, ndiye panali timakampani tina timene tinkalemba aganyu oyimba kuti ayimbe nyimbo zomwezo motsanzira, n'kudinda mbale zotchipa, nyimbo zingapo pambale imodzi, zogulitsa m'masitolo wamba. Aganyuwo ankalipidwa tsiku lomwelo n'kumapita. Mayina awo sankalembedwa, kuti wogula aziganiza kuti wagula yeniyeni.

"Manje uyu wanu angankhale muzungu wa njala wa ku London," anatero Kenny.

"Kapena wa njala wa ku Ntcheu," anayankha Zefaniya. "Njala ili ndi dziko?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinaphunzira Chingerezi kwa azungu enieni. Ndinapempha kuti ayilizenso. Ndinamvetsera ndi mtima wonse, koma mawuwo anali atakwiririka m'phokoso lija, ndipo sindikanalumbira mbali iliyonse. Ndinanena choncho. Aliyense wa iwo anaona ngati ndamugulitsa.

Mbaleyo ikanangokhala choseweretsa cha munthu wokalamba pakanapanda mayi ake. A Nasibeko anali atakalamba kwambiri, ndipo nzeru zinali zitayamba kuwathawa. Theresa, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, iwo ankamutcha "mayi inu" ngati mlendo. Zefaniya akaimba foni ya kanema, iwo ankayang'ana nkhope yake n'kufunsa kuti bambo ameneyu akufuna chiyani. Koma Lachisanu lina, tsiku lathu lopuma, iye anaika foni pafupi ndi galamafoni n'kutsitsa singano pa nyimbo yachiwiri. Ine ndinalipo. Ndinaona pakagalasi ka foni mayi wokalamba atakhala pamkeka akudzutsa mutu, phewa limodzi likuyamba kugwedezeka.

"Ndi a Mlongoti amenewo," anatero.

Nyimbo itatha anayang'ana pafoni nthawi yaitali, kenako anati, "Zefaniya, wadya?"

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse masana zinkatero. Nyimbo ikatha, nzeru zinkabwerera kwa kanthawi, ngati madzi obwera pampopi wouma. Ankamudziwa mwana wawo, ankamufunsa za chimfine, nthawi zina ankamukalipira chifukwa chosameta. Kenako zinkapitanso. Koma Theresa ankati masiku otsatira ankadya bwino, ndipo ankafunsa kuti a Mlongoti ayimbanso liti.

Theresa anamupempha kambirimbiri kuti ajambule nyimboyo pafoni n'kumutumizira, kuti aziwayikira mayi akakana chakudya. Kenny anati ndi ntchito ya kamphindi. Zefaniya ankazemba: lero foni yadzaza, mawa mawu samveka bwino. Tsiku lina ndinamupanikiza pageti, ndipo anandiuza zoona.

"Achimwene, ndikatumiza, Theresa aziyika m'mawa ndi madzulo. Ine adzandifuniranji? Kamphindi kaja amandifunsa ngati ndadya, ndi kokhako ndili nako padziko pano."

Ndinamuuza kuti kumeneko n'kudzikonda. Sanandilankhule mpaka mwezi unatha.

Mliri wa korona utafika, misewu ya Ras Al Khor inangoti zii. Magalaja anatseka kwa kanthawi, ndipo kutuluka panja kunkafuna chilolezo. Ine kampani yathu inandisamutsira ku Al Nahda, pakhomo la nyumba yosanja, kumaloza kachida koyezera kutentha pamphumi za anthu. Zefaniya ntchito inamuchulukira, chifukwa alendo ambiri zitawathera ankalongedza kubwerera kwawo. Ankalowa m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku, kamasiki kamodzi komweko kali pachibwano. Nyengo yotentha itafika pachimake, anadwala. Anamutenga pa ambulansi ali ndi foni yokha m'thumba, ndipo anakhala nthawi yaitali kuchipatala, akupuma ndi mpweya wa m'botolo.

Akampani, pofuna kupopera mankhwala m'kachipinda kaja, anasonkhanitsa katundu wa onse atatu n'kumutsekera m'kontena yachitsulo pabwalo. Palibe amene anachita zimenezi mwankhanza. Koma amene sanakhaleko kuno mwezi wa Julayi sangadziwe chimene kontena yotseka imasanduka ikakhala padzuwa. Ndi uvuni.

Zefaniya anatuluka m'chipatala atawonda, mpweya uli wapafupipafupi, mawu atasasa. Akampani anamuuza mwaulemu kuti ntchito yonyamula mafiriji siyimuyeneranso. Viza anaifafaniza, anamupatsa nthawi yoti achoke m'dziko, ndipo bedi lake linali litapatsidwa kale kwa wina. Kenny anachonderera bwana wake kuti mudala azigona m'galaja, kuseri kwa mashelefu a magalasi. Zonsezi Zefaniya anazilandira osadandaula. Chimene ankafuna chinali kiyi wa kontena. Atatsegula chikwama chake, anapeza mbale ija itapindika m'mbali ngati tsamba la mpiru lofota. Singano ikakwera paphiri loyamba inkadumpha n'kugwera kunja.

Kumudzi zinthu zinali zitaipa kale. Masabata oyamba a Nasibeko ankafunsa za nyimbo. Kenako analeka kufunsa. Kenako analeka kudya. Theresa akabweretsa phala ankangofumbata milomo n'kutembenukira kukhoma. Zefaniya anandimvetsera mawu amene mlongo wakeyo anamutumizira, ndipo ndimawakumbukirabe.

"Achimwene, ndinakupemphani. Ndinachita kukugwadirani. Lero mayi akutha ndikuona, inu muli ndi nyimbo yanuyo m'chikwama."

Kenny anapeza nzeru pafoni: mbale yopindika amaiika pakati pa magalasi awiri osalala, n'kuiwotha padzuwa pang'ono, pamwamba atatsindika ndi chinthu cholemera. Magalasi ndiwo anali osasowa. Anasankha awiri a mawindo a basi, anawatsuka, ndipo tsiku langa lopuma m'mawa tinayala mbaleyo pabwalo la galaja, batire ya lole ili pamwamba. Tinaima mumthunzi tikuyang'ana, thukuta likutsika m'masiki.

"Khalas, chakwana mudala, tichosepo," anatero Kenny patapita kanthawi.

"Mbali iyo sinagone. Pang'ono pokha."

"Ili zuba siiziba pang'ono. Ba Busa, bauzeni."

"Achimwene, mverani mnzanuyu," ndinatero.

"Inu munawongolapo mbale kumishoni kwanuko?"

Tinadikira mpaka iye atavomera. Titailowetsa m'kati n'kuisiya kuti izizire, inatuluka yowongoka bwino, yonyezimira ngati yatsopano. Kenny anayamba kuvina. Koma Zefaniya anaipendeketsa kuwindo, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Timizere tija, m'mene mumayenda singano, tinali titafafanizika malo ambiri. Anailiza. Gitala anayamba, mawu awiri kapena atatu anatuluka, kenako anakokeka ngati ng'ombe yolira kutali, singano n'kutsetsereka mpaka pakati. Anabwezeranso. Anaika kakobiri pamwamba pa singano kuti ilemere. Anabwezeranso, n'kubwezeranso. Kenny anatuluka panja, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwire sindinamve nthabwala kwa iye tsiku lonse.

Masiku otsatira Zefaniya anayenda, ndi mpweya wake woperewerawo, kufunafuna ina. Misika ya zinthu zakale inali yotseka chifukwa cha mliri. Anapeza sitolo ina m'tauni yogulitsa mbale zakale, koma mwini wake atamva za ambulera wachikasu anapukusa mutu. Anati anthu amasunga mbale za oyimba enieni. Zotsanzirazo zinkatayidwa, palibe amene ankaona chifukwa chozisungira. Kenny anafufuza pafoni mpaka maso kuwawa. Popanda dzina la woyimba panalibe poyambira.

Lachisanu linafika. Tinakhala atatu m'galaja yotseka, pakati pa magalasi oimikidwa, aliyense akudziona nkhope kambirimbiri. Theresa anaimba foni. Anatembenuzira foni kwa mayi, ndipo ndinaona kathupi kakang'ono pamkeka, katafundidwa bulangete, maso ali otsegula koma osayang'ana kanthu.

"Tiyese yeniyeni," ananong'ona Kenny. "Nyimbo ni imozi. Inshallah sibazaziba."

Kenny analiza ya mzungu ija pafoni yake. Malipenga aja analira. A Nasibeko anadzutsa mutu, anamvetsera, nkhope n'kuyamba kukwinyika.

"Ndani ameneyu?" anafunsa. "Si a Mlongoti. Waitenga kuti nyimbo yawo? Awapha? Awapha n'kuwalanda nyimbo?"

Anayamba kulira, osati kulira kwa munthu wodwala koma kwa pamaliro, kokoka, kotchula dzina. Theresa ankakuwa kuti zimitsani, zimitsani. Kenny pothamangira kuzimitsa, foni inamugwa. Pamenepo Zefaniya anatenga foni yake, anaigoneka chafufumimba pabenchi kuti kumudzi asaone kanthu, anawerama, n'kuyamba kuyimba.

Sindinganene kuti anayimba bwino. Mawu anali osasa, ankaima pakati pa mzere kuti apume, ndipo Chingerezi chake chinali chija anachigwira ndi khutu ali mwana, mawu ena osakhala mawu n'komwe. Koma anathamanga monga mbale inkathamangira, anatulutsira m'mphuno monga inkachitira, ndipo anaidula mwadzidzidzi pamalo pomwe inkadukira. Kulira kuja kunali kutaleka. M'galaja munkangomveka kupuma kwake.

"A Mlongoti?"

Mawuwo anatuluka pansi pa foni, omveka bwino, ngati a mayi wa zaka zochepa. Zefaniya anandiyang'ana. Ine ndinapukusa mutu.

"A Mlongoti, ndinu? Mawu akalamba."

"Ndine, Nasibeko," anatero Zefaniya.

"Mwakhalitsa."

"Ndakhalitsa."

"Ana anakula. Wamwamuna uja anatengera inu. Anapita, sanabwerenso." Zefaniya anatsinzina, mayi ake n'kupitiriza. "Mubwera liti?"

"Posachedwa."

"Ndiye ndidye. Musadzandipeze chonchi."

Tsiku lomwelo anamwa phala. Mawa lake anapempha madzi osamba ndi chitenje chawo chabwino. Theresa anatumiza mawu akulira ndi chimwemwe, akudalitsa mchimwene wake, ndipo Kenny anagula tiyi wa karak wa tonse atatu n'kumati mudala alembedwe ntchito kuhotela.  Ndinaona kuti Zefaniya tiyi wake sanamwe.

Chimwemwecho sichinakhalitse. A Nasibeko anayamba kukhala pakhonde kuyambira m'mawa, maso ali kumsewu, ndipo lole iliyonse ya mbatata ikamadutsa ankayesa kuimirira. Lachisanu sankafunanso nyimbo, ankafuna kucheza ndi amuna awo. Zefaniya anamata kamera ya foni ndi tepi yakuda ya Kenny kuti asaoneke, n'kumalankhula ngati bambo ake, munthu amene nkhope yake sankaikumbukira. Mayi ake ankamukumbutsa za kudambo kumene ankakumana asanakwatirane, ndi zina zimene mwana sayenera kumva kwa mayi ake. Ife tinkatuluka panja. Iye ankatipeza pambuyo pake, milomo itauma, osatiyang'ana. Funso lija, loti Zefaniya wadya, silinabwerenso. M'nyumba ya mayi ake munalibenso malo a mwana.

Nthawi imene anapatsidwa inali ikutha. Gulu la Amalawi a kuno linamupezera mpando pandege yobwerera kumudzi, ndipo aliyense anati mudala wachita mwayi, poti ambiri ankagona m'mapaki akudikira. Theresa atamva anaimba foni, ine ndili pomwepo.

"Mukamafika muvale jekete ndi chipewa," anatero. "Maso awo saona bwino. Sadzazindikira."

"Iwe Theresa, ukudzimva? Mayi anga andiyikire madzi kubafa? Andiyalire mphasa?"

"Nanga mukalowa ngati Zefaniya, ndiwauza kuti amuna awo atsala kuti? Munayamba ndinu zimenezi. Mukawagwetsa, manda mukakumba nokha."

Patapita masiku angapo anabwera ku Al Nahda masana, ulendo wa mabasi awiri, n'kuima panja pa chitseko chagalasi mpaka nditamuona. Ndinamuyeza kutentha monga lamulo linkanenera, ndipo tinakhala pamasitepe, motalikirana.

"Achimwene, inu munawerenga mabuku. Ndichite chiyani?"

"Auzeni zoona."

"Ziti?"

"Kuti ndinu mwana wawo."

"Mwana wawo sakumudziwa. Zoona zanu za kumishonizo zinayamba zamwetsapo munthu phala?"



"Ndikafika ngati mwana, ndawapha," anapitiriza. "Ndikafika ngati bambo, ndi malaulo. Mudzi wonse ukundidziwa. Ndingadzayendenso bwanji pakati pa anthu? Ndikawauza kuti sindibwera, mbale ya phala aikankha tsiku lomwelo. Kuno nako andithamangitsa." Anatsokomola nthawi yaitali. "Munthu mmodzi, makomo onse otseka."

Ndinamuuza kuti tipemphere. Anavomera, koma maso sanatsinzine. Ankayang'ana mzere wa magalimoto opita ku Sharjah, umene unali utayambanso kutalika masiku amenewo.

Lachisanu lomaliza ndege isananyamuke tinasonkhananso m'galaja. Kenny anayesa kuseka.

"Mudala, imwe ndimwe boyamba kuona ndeke ya mahala na nkhope ya malilo. Nipaseni ine ticket, nikavale chisote."

"Ukanakwanitsa iwe," anatero Zefaniya. "Ulibe manyazi."

Anali atameta, atachapa malaya. Anagoneka foni pabenchi n'kuimbira kumudzi. Ulendo uno sanatiuze kuti tituluke.

"Nasibeko, ndanyamuka," anatero. "Ndili m'njira."

Kumudzi kunamveka kamfuu kakang'ono, ndi kuwomba m'manja kofooka.

"Koma mumve bwino. Njira ndi yaitali, ndipo malire atseka chifukwa cha matenda aja. Ndiziyenda pang'onopang'ono. Kumene ndikudutsa kulibe mafoni. Inu muzidya, tsiku lililonse, ndidzakupezeni muli ndi mphamvu. Mwamva?"

"Ndamva. Mukwera sitima?"

"Chilichonse chimene ndipeze."

"Muvale jekete. Kuno kukuzizira."

"Ndavala."

Theresa analanda foni n'kuyamba kufunsa kuti zimenezi zikutanthauza chiyani, ndege ifika nthawi yanji, akadikire ku Lilongwe kapena ayi. Zefaniya anangoti, "Uziwauza kuti ndili m'njira. Usadzawauze china," n'kudula. Ine ndinaganiza kuti akungofuna kupeza masiku oti akafike kaye kwa anzake ku Limbe, akaganize bwino. Kenny anaganizanso chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti Kenny abwereke galimoto ya bwana wake, ine ndipemphe tchuthi cha m'mawa, timuperekeze kubwalo la ndege.

Titafika m'mawa wa tsikulo, makatoni amene ankagonapo anali atapindidwa bwino n'kutsamiritsidwa kukhoma. Chikwama panalibe. Foni yake inali yozima. Tinathamangira kubwalo la ndege poganiza kuti watsogola, koma sankalola munthu wopanda tikiti kulowa, ndipo madzulo ake a gulu lathu anatiuza kuti mpando wake unapita wopanda munthu. Tinakanena kupolisi, tinafunsa m'zipatala, tinayenda m'makampu a antchito kumene kuli Amalawi ndi Azambiya. Theresa anandiimbira kangapo, poyamba akutukwana, kenako akungofunsa. Ulendo womaliza anandiuza kuti mayi akudya, ndipo amakhala pakhonde.

Munthu yekhayo amene anatiuza kanthu anali wogulitsa tiyi pamsika waukulu wa zamasamba, kuseri kwa magalaja, amene ankamudziwa Zefaniya chifukwa chokangana naye za shuga. Anati anamuona m'mawa umenewo, dzuwa litangotuluka, atanyamula chikwama, akuyenda pakati pa malole amene anali atatsitsa katundu, akulankhula ndi dalaivala uyu ndi uyo. Ambiri ankamukana ndi dzanja. Malole a pamsika umenewo amachokera kutali ndipo amabwerera kosiyanasiyana: ena kuminda ya ku Al Ain, ena kumapiri a kumpoto, ena mpaka kumalire a Oman. Tinamufunsa kuti lole yake inali yotani, yolembedwa chiyani, inakhotera mbali iti. Iye anati anali ndi makasitomala, sanayang'ane zonsezo. Anangoona dalaivala wina wa lole ya anyezi akutsegula chitseko cha mbali inayo, mudala akuponya chikwama m'kati, akupumira kaye pasitepe, kenako akukwera.